A Mhone ndi Chombo cha pa Khoma

Loweruka lapitali tinali ku manda a mpingo kukavundukula chiliza cha amalume anga, a Gidiyoni Mhone, pakuti chaka chakwana chitisiyireni. Wansembe anawatamanda kuti anali mmisiri wa maboti wosanyozera ntchito, munthu wa mawu amodzi, wosajomba ku tchalitchi. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula chombo, ngakhale aliyense wa imvi amene anaima pamenepo ankachidziwa bwino. Ife anthu a kuno ku Bua nkhani timadziwa kuimeza. Ine yandikakamira pakhosi, chifukwa ndili ndi mbali yanga pa mmene inathera.

Amalume anali munthu wamfupi, wa phewa lalikulu, wosadziwa kumwetulira dzuwa lisanapendeke. Makolo awo anachokera kumpoto kudzasodza mpasa pa mathiriro a Bua, ndipo iwo akapsa mtima Chitonga chinkatuluka chokha. Ukawapeza ali ndi sowo m'manja, moni wako unkagwera pansi. Thabwa ankayamba alinunkhiza, kenako n'kuligogoda ndi chala, khutu lili pafupi, ngati munthu wosankha dzungu pa msika. Tepi yoyezera ankainyoza, amati ndi ya anthu opanda maso. Iwo ankayeza ndi chingwe, chikhatho ndi mkono. Ankakonda kunena kuti thabwa silinama, wonama ndi munthu, ndiponso kuti boti limaulula mwini wake m'chaka chachitatu. Maboti amene anakhomera asodzi ena akuyendabe mpaka lero, eni ake atasinthana kangapo. Pa ntchito imeneyo palibe anawapezapo chifukwa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo mopitirira muyezo.

Ine chombo ndinachizolowera chili chovundikira pabwalo pawo, pakati pa nyumba ndi khitchini. Chinakhala pamenepo zaka zoposa makumi atatu. Mwana wokwerapo ankalandira mkwapulo, nkhuku yofuna kuikira pansi pake inkathamangitsidwa. Chaka chilichonse mvula isanagwe, amalume ankachipaka oilo wakutha kuti chiswe chisalowe. Azakhali, a Nyabanda, akazi awo, sanayanikepo ngakhale kansanza. Popita kukhitchini ankachizungulira maso ali kumbali, tsiku ndi tsiku, mpaka njira yawo inachita kukumbika.

Nkhani ya chombocho inayamba amalume ali mbeta yachimuna, dziko litangolandira ufulu. Kunabwera munthu wina ndi galimoto ndi makina oonetsera kanema, n'kubwereka holo ya mishoni ku Boma kwa masiku atatu. Mazenera anawatseka ndi mabulangete, chithunzi n'kumachiponya pa khoma lopaka njereza. Kanemayo anali wa ku Amereka, wa anthu akale a dziko lozizira otchedwa Avaikingi, andevu, ovala zikopa, oyenda panyanja ndi zombo zokhala ndi mutu wa chilombo kutsogolo. Anzawo onse anatuluka m'holomo akusimba za malupanga ndi za dona wokongola amene ankamulimbirana. Amalume anatuluka akusimba za matabwa. Matabwa a zombozo sanali ogundanitsa m'mbali monga timakhomera kuno. Lililonse linkagona pamwamba pa linzake ngati malata a denga.

Tsiku lachiwiri anayendanso wapansi kuchoka ku Bua kukaonanso. Lachitatu anapita ndi khala m'thumba. Panali malo ena m'kanemamo pamene chombo chinkabwera molunjika kwa oonera, munthu mmodzi ataima kutsogolo kwake. Malowo atafika, amalume anadumpha mabenchi, n'kuyamba kudinda pa khoma: mbali iyi, mbali iyo, msinkhu wa chombo kuchoka pamadzi, ndi msinkhu wa munthu uja kuti akhale muyeso wa zonse. Holo yonse inakuwa. Katekisiti anawakoka pa kolala, ndipo chilango chake chinali kupakanso njereza khoma lonse mmawa mwake. Amalume ankaseka akafika apa, kuseka kumene sitinkakumva kawirikawiri. Amati sanalandirepo chilango chokoma chotero, chifukwa anawasiya okha ndi madindo awo mpaka masana. Anawayeza ndi chingwe, n'kumanga mfundo pa muyeso uliwonse. M'lifupi mwa chombo munakwana munthu mmodzi ndi theka.

Anthu osewera m'kanemayo ankawatchula ngati anansi. Maina awo enieni ankawadziwa, anawawerenga pa chipepala chomwe chinamatidwa pa chitseko cha holo, koma anali olemera pakamwa. Wamkulu uja wa chibwano chobooka pakati ankamutcha Chibwano. Mnzake wa nkhope yosalala ankamutcha Mkamwini, pakuti amati ankaoneka wamanyazi ngati munthu wa kuchikamwini. Ankatiuza kuti anthu a kumeneko ndi aatali ndi oonda ngati bango, nkhope zawo zosongoka, ndipo chifukwa chake ankachidziwa okha: kuzizira kumadya mafuta a munthu. Chibwano ankamukonda ndiponso ankamuimba mlandu. Amati munthuyo anali ndi chizolowezi choipa choima kutsogolo kwa chombo nthawi yomwe iwo ankafuna kuona mmene matabwa anawagwirizira. Misomali sanaione n'komwe chifukwa cha msana wa Chibwano, ndipo anamusungira chakukhosi zaka zonse.

Ife ophunzira pang'ono tinkawauza kuti ajawa ndi anthu a zisudzo chabe, ndevu zomata, magazi a utoto. Iwo ankangotiyang'ana ngati tanena zachibwana.

"Ndevu zikhale zabodza, ndavomera," ankatero. "Nanga madzi? Madzinso anali omata? Chombo chinayandama, ndinachiona ndi maso angawa."

Munthu mmodzi yekha ankalimba mtima kuwatsutsa pa za ntchito. Anali Che Bwanali, mmisiri mnzawo wa ku Boma, Msilamu, amene makolo ake ankakhoma zombo zamathanga kalekale. Awiriwa ankabwerekana zida, ankadyera mbale imodzi, ndipo sankatha ola osakangana. Patapita zaka zambiri chionereni kanema uja, amalume atasonkhanitsa mlombwa kwa zaka zisanu ndi ziwiri n'kuyamba kuimika nthiti za chombo chawo, Che Bwanali anapalasa njinga kudzaona. Anachizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"A Mhone, ichi n'chambo mwaimikachi. Chachitali m'mwamba, mimba palibe."

"Ndachichepetsa mofanana mbali zonse. Muyeso ndi wa eni ake."

"Chambo chimaima m'madzi poti n'chamoyo, akulu. Thabwa limafuna kugona. Wallahi, onjezani mimba."

"Inu munawolokapo nyanja ya mchere? Anthu aja anawoloka. Pitirizani kukhoma mabeseni anuwo."

Che Bwanali anakwera njinga yake, ndipo sanalankhulane miyezi inayi. Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma amalume khutu linali kwa Chibwano.

Ndinene chilungamo, chombocho chitatha chinali chokongola. Sindinaonepo chinthu chopangidwa ndi manja chokongola chotero. Matabwa ofiira atagonerana bwinobwino, mutu wa ng'ona wosemedwa kutsogolo, mlongoti wautali pakati, thanga la nsalu zosokerera lopaka mizere. Anthu ankachoka ku Mwadzama wapansi kudzangochiona. Amalume anayenda masiku amenewo ngati munthu wobereka mapasa.

Anachiponya m'madzi Loweruka lina mmawa. Ine ndinalipo, mwana wanga woyamba ali kumsana. Wansembe anawaza madzi, amayi a kwaya anaimba. Anakwera amuna asanu ndi atatu, onse asodzi odziwa nyanja, ndipo mmodzi mwa iwo, wogwira chingwe cha thanga, anali Filipo, mwana wamwamuna yekhayo wa amalume, amene anali atangokwatira chaka chomwecho. Amalume anatsala pamtunda mwadala. Amati mmisiri amaona bwino ntchito yake ali patali, monga anachionera pa khoma.

Anapalasa bwinobwino mpaka pamene madzi a mtsinje amakumana ndi a nyanja. Pamenepo Filipo anakweza thanga. Chombo chinapendeka pang'ono kumanzere, amuna aja anatsamira kumanja kuti achiwongole, ndiye chinangopitirira n'kugona, osafulumira, ngati ng'ombe yotopa. Pagombe ena anayamba kuseka, poganiza kuti asodzi anyowa chabe. Tinawerenga mitu yotumphuka. Inali isanu ndi iwiri. Chingwe cha thanga chinamukola Filipo mwendo pansi pa chombo, ndipo pamene anamufikira anali atapita.

Kuyambira tsiku la maliro, amalume anali ndi mawu amodzi okha: unali mwera, mphepo yoopsa ija ya panyanja. Amati mwera unabwera mwadzidzidzi, wa mphindi imodzi, umene umagwetsa ngakhale sitima. Ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Nthawi zina ankawonjeza kuti opalasa anatsamira onse pamodzi ngati ana a sukulu, kapena kuti thanga analisoka lolemera. Koma muyeso ayi. Muyeso unali wa anthu amene anawoloka nyanja ya mchere. Ife tinkavomera, chifukwa munthu amene waika mwana wake m'manda sumulanda ndodo yomwe watsamira. Che Bwanali anabwera pa maliro, anasenza nawo bokosi mpaka pa chipata cha manda, ndipo kuyambira pamenepo sanawatsutsenso pa chilichonse. Ndikhulupirira kuti kuleka kukangana kumeneko kunawapweteka amalume koposa mawu alionse.

Anakoka chombo, n'kuchivundikira pabwalo. Anabwerera ku maboti a asodzi, ntchito yosalakwika monga kale. Koma kuseri kwa nyumba anayamba kuunjikanso mlombwa, thabwa limodzi chaka chino, awiri chaka chamawa, mitengo ikusowerasowera. Amati adzakhoma chachiwiri, muyeso womwewo, n'kuchiponya tsiku labata, kuti anthu a ku Bua adzaone kuti Filipo sanaphedwe ndi manja a bambo ake. Sanachiyambe. Chaka chilichonse panali chifukwa: matabwa sanakwane, misomali ya masiku ano ndi yofewa, msana ukuwawa. Pano ndimaganiza kuti ankaopa, koma mwina ndikuwanamizira.

Tsiku lina, atakalamba kale, amalume anamva pa wailesi dzina lija la pa chitseko cha holo. Chibwano anali atamwalira kwawo ku Amereka, atapyola zaka zana. Amalume ananditumira uthenga kuti ndibwere. Ndinawapeza pakhonde atavala jekete ngati akupita ku maliro.

"Esinati, mnzanga uja wapita osandiuza za misomali. Akuti mafoni anuwa amasunga zonse. Kandifunire kanema uja ndimuonenso kamodzi."

Ndinakondwa, Mulungu andikhululukire. Ndinati ndikawasangalatse okalamba. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Boma, ndipo bambo wina wokonza mafoni pafupi ndi msika anamupeza kanemayo n'kundiikira. Madzulo a tsiku lotsatira dzuwa likadalipo tinakhala pakhonde, amalume atavala magalasi, foni nditaitsamiritsa pa mpando. Azakhali ankapeta mpunga chapatali.

Anthu ataoneka, amalume anapukusa mutu.

"Akunamiza. Si kanema wake uyu. Awa ndi onenepa."

"Ndi yemweyo, amalume. Dzina ndi lomwe munandiuza lija."

"Chibwano anali ngati bango. Uyu ndi wojintcha, chifuwa ngati thumba la chimanga."

Kenako munthuyo anatembenuka, ndipo chibwano chobooka chija chinadzaza foni yonse. Amalume anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Tinaonera choncho mpaka pa malo aja, chombo chikubwera molunjika, munthu ataima kutsogolo.

"Imika."

Ndinaimika. Anatola kaudzu pansi, n'kukathyola molingana ndi msinkhu wa munthu uja. Kenako anakagoneka chopingasa pa mimba ya chombo. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Anabwereza, ndipo kanakwananso katatu. Pa khoma la holo kanali kamodzi ndi theka.

Ndinayamba kubwebweta kuti mafoniwa amatambasula zithunzi, kuti ndi achabechabe, kuti muyeso woona ndi wa pa khoma. Ndinali wokonzeka kulumbira pa Baibulo. Iwo anakweza dzanja kuti ndikhale chete, n'kuloza zishango zomwe zinapachikidwa m'mbali mwa chombo.

"Ukuziona izi? N'zozungulira. Pa khoma paja zinali ngati mazira. Ndinadzifunsa tsiku lomwelo kuti ndani angaseme chishango ngati dzira. Ndinati ndi chikhalidwe chawo."

Ndinadzamva pambuyo pake kwa bambo wa mafoni uja kuti makanema ena a nthawi imeneyo ankajambulidwa opanikizika, ndipo poonetsa pankafunika galasi lina lotambasula chithunzi. Munthu wa galimoto uja galasilo analibe, kapena linasweka panjira, sitidzadziwa. Holo yonse inaona anthu oonda ndi chombo chopanda mimba, ndipo panalibe wodabwa, poti panalibe amene anamuonapo Mvaikingi. Onsewo anapita kwawo n'kuiwala. Mmodzi yekha ndi amene anali ndi khala m'thumba.

Koma pakhonde paja amalume sanafune kufotokozeredwa. Anavula magalasi, n'kuwapinda bwinobwino. Anatembenukira kwa akazi awo.

"Nyabanda."

"Wawa."

"Sunali mwera."

Azakhali sanaleke kupeta. Anaulutsa mankhusu, n'kutola kamwala m'lichero.

"Ndinali pagombe pompo, bambo a Filipo. Duku langa silinagwedezeke n'komwe."

"Nanga osanena zaka zonsezi?"

"Ndikanena, mwana akanadzuka?"

Palibe amene analira. Ine ndikanakonda akanalira, kapena akanandikalipira, kapena akanaponya foniyo m'nyanja. Amalume anangondiuza kuti ndiizimitse, batire lingathe.

Sabata yotsatira anaitana amayi owamba nsomba kudooko kuti adzatenge nkhuni. Anaphwasula chombo okha, thabwa limodzilimodzi, kuzula msomali uliwonse kuti wina asadzibaye. Ntchitoyo inawatengera masiku asanu ndi anayi, ndipo anakana kuthandizidwa. Mutu wa ng'ona anauwaza ndi nkhwangwa. Mlombwa wa kuseri kwa nyumba anaupereka kwa mdzukulu wa Che Bwanali popanda kufunsa kanthu. Che Bwanali mwini, maso atachita kale khungu, anamva nkhaniyo n'kupempha kuti amubweretse. Anakhala pakhonde tsiku lathunthu. Amalume anamuuza kuti anali kunena zoona za mimba ija. Che Bwanali anayankha kuti sakukumbukira kuti ananenapo chilichonse, ndipo awiriwo anatafuna chinangwa mpaka nthawi ya swala, mapemphero a Asilamu.

Amalume anakhala ndi moyo mvula zina zingapo. Sanagwirenso sowo. Asodzi akabwera kudzafunsa nzeru za maboti awo, ankawauza kuti akafunse anthu oona bwino. Ku tchalitchi ankapitabe, koma ankakhala kumbuyo, osaimba. Mawu awo aja akuti thabwa silinama sanawanenenso, ndipo mwana wina atawatchula pofuna kuwaseketsa, anamuyang'ana mpaka mwanayo anachoka. Za Avaikingi anazitchula kamodzi kokha, akudwala kale. Anandifunsa ngati Chibwano anasiya ana. Ndinati ndinamva kuti anasiya, amuna, akuluakulu. Anafunsanso ngati iwowo ndi amene anamuika m'manda. Ndinati ziyenera kuti zinatero.

"Anachita mwayi," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Anthu amandiuza kuti ndisadziimbe mlandu, kuti anapempha okha, kuti choonadi chimamasula. Ine sindinaone chimene chinamasuka. Ndinaona munthu amene anali ndi chifukwa chodzukira mmawa, ngakhale chinali chabodza, ndipo ndinamulanda ndi manja anga poganiza kuti ndikumupatsa mphatso. Zimandiwawa, ndipo sindiyembekeza kuti zidzaleka.

Titachoka ku manda Loweruka lija tinapita kunyumba kukadya. Pabwalo pali udzu tsopano, pakuti azakhali mphamvu zolimira zatha. Koma pamene panagona chombo sipamera kanthu. Oilo wa zaka zonse zija analowa m'nthaka, ndipo patsala dothi lakuda, lolimba, lalitali, losongoka uku ndi uku. Alendo anali ambiri, malo anachepa, mikeka inayalidwa mpaka kuseri kwa khitchini, koma pamenepo palibe anayalapo. Mwana wina wa ku Lilongwe, amene sadziwa kanthu, anathamanga n'kupadumpha chopingasa. Anapadumpha mosavuta, sitepe imodzi yokha. Azakhali anamuyang'ana, n'kuyang'ana dothilo.

"Panali popapatiza," anatero, osauza aliyense, ndipo analowa m'nyumba.